Kulipira ndi Foni ya M'manja ku Zimbabwe: Zimene Mlendo Ayenera Kudziwa Asanafike pa Machipisa

HARARE — Munthu wochokera ku Malawi amene anazolowera kugula magetsi, kulipira fizi ndi kutumiza ndalama kumudzi pogwiritsa ntchito foni ya m'manja, kawirikawiri amaganiza kuti adzachita chimodzimodzi akafika ku Zimbabwe. Foni imawoloka malire popanda vuto, koma chikwama cha ndalama chimene chili m'fonimo chimatsalira kwawo. Ndalama za mu Airtel Money kapena TNM Mpamba ndi makwacha a Malawi, osungidwa motsatira malamulo a Malawi, ndipo mayi wogulitsa tomato kapena kondakitala wa minibasi mu mzinda wa Harare alibe njira yowalandirira.

Nkhani ino ikufotokoza m'mene kulipira ndi foni kumayendera ku Zimbabwe, makamaka m'madera okhala anthu ambiri mothithikana monga Highfield, kumene kuli malo a malonda a Machipisa. Alendo ambiri olankhula Chichewa amafikira m'madera otere, kwa achibale awo, kutali ndi mahotela a pakati pa mzinda.

Machipisa ndi anthu ochokera ku Malawi

Highfield ndi dera lakale la kumwera chakumadzulo kwa Harare. Linakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1930 kuti muzikhala anthu akuda ogwira ntchito mu mzindawu, umene panthawiyo unkatchedwa Salisbury. Machipisa ndiwo mtima wa malonda a derali. Pamalowa pali masitolo, malo ogulitsira nyama, malo okwerera minibasi, hotela ya Mushandirapamwe komanso bwalo la mpira la Gwanzura. Chapafupi pomwepo pali bwalo la Zimbabwe Grounds, pamene Robert Mugabe analankhula kwa khwimbi la anthu mu Januwale 1980 atangobwera kuchokera ku Mozambique.

Anthu a ku Nyasaland anayamba kupita ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi, m'minda ndi m'mafakitale kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ulendowu unakula m'nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963. Ena anabwerera, ena anachona. Zidzukulu zawo zikupezekabe ku Highfield, Mbare, Mufakose ndi madera ena, kumene kuli mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Harare, mizikiti ndi magulu a Gule Wamkulu. N'chifukwa chake maliro, maukwati, kumanga ziliza ndi malonda zimachititsa anthu ambiri kuyenda ulendo wa makilomita pafupifupi 600 kuchoka ku Blantyre, kudzera pa Mwanza, Zobue, Tete ndi Nyamapanda, mpaka ku Harare.

Chifukwa chimene chikwama cha pafoni chimathera pamalire

Chikwama cha pafoni chimamangidwa pa zinthu zitatu: laini ya kampani ya mafoni ya m'dziko lina lake, ndalama ya dzikolo, ndi chilolezo cha banki yaikulu ya dzikolo. Ndalama zimene zimaoneka pafoni zimakhala ndi ndalama zenizeni zoziyimira, zimene kampani imasunga m'mabanki a m'dziko lomwelo. Munthu akatumiza ndalama kwa mnzake, chimene chimasintha ndi dzina la mwini wake m'kaundula wa kampani basi. Choncho wogulitsa amene dzina lake mulibe m'kaundulayo sangalipidwe.

Makampani a mafoni a ku Malawi ndi a ku Zimbabwe ndi osiyana. Ku Malawi kuli Airtel Money, imene inayamba mu 2012, ndi TNM Mpamba, imene inayamba mu 2013. Ku Zimbabwe kulibe Airtel kapena TNM. Ngati laini ya kwawo ikugwira kunja, kapena ngati ali ndi intaneti, mlendo angathe kugwiritsabe ntchito chikwama chake pothandiza achibale amene anawasiya kumudzi, koma sangagule nacho buledi pa Machipisa. Chimodzimodzinso munthu wa ku Chipata amene ali ndi MTN MoMo, kapena wa ku Tete amene ali ndi M-Pesa ya Vodacom kapena e-Mola ya Movitel.

Ndalama ziwiri m'dziko limodzi

Funso loyamba limene mlendo amakumana nalo pogula chinthu ku Zimbabwe ndi lakuti alipira ndi ndalama iti. Dzikoli limagwiritsa ntchito dola ya America pamodzi ndi ndalama yakeyake yotchedwa Zimbabwe Gold, mwachidule ZiG. Kuti munthu amvetse khalidwe la ogulitsa malonda, ayenera kudziwa njira imene dzikoli ladutsamo.

Mu 2008 mitengo ya zinthu inkakwera tsiku ndi tsiku, moti mu Januwale 2009 banki yaikulu ya Reserve Bank of Zimbabwe inatulutsa ndalama yapepala ya madola 100 thililiyoni. Chaka chomwecho boma linalola anthu kugwiritsa ntchito ndalama zakunja, makamaka dola ya America ndi randi ya South Africa. Madola apepala atayamba kusowa, banki yaikulu inatulutsa mapepala otchedwa bond notes mu Novembala 2016, n'kunena kuti mphamvu yake ndi yofanana ndi ya dola ya America. Anthu ankagona pamizere ya kubanki, ndipo ambiri anathawira ku foni ndi ku makhadi. Banki yaikulu inalengeza kuti mu 2017 malipiro oposa 90 peresenti amene anadutsa m'njira zovomerezeka anachitika popanda ndalama zapepala.

Mu Febuluwale 2019 boma linalamula kuti ndalama zimene zinali m'maakaunti ambiri ndi m'zikwama za pafoni, zomwe eni ake ankaziwerenga ngati madola a America, zisanduke ndalama yatsopano yotchedwa RTGS dollar. Ndalamayi inagwa mphamvu mofulumira, ndipo anthu anataya chuma chimene anasunga. Mu Juni 2019 boma linaletsa kugula ndi kugulitsa m'ndalama zakunja, koma mu Malichi 2020 linalolanso. Pa 5 Epulo 2024 gavanala wa banki yaikulu, John Mushayavanhu, anakhazikitsa ZiG pa mtengo wa 13.56 pa dola imodzi. Pa 27 Seputembala chaka chomwecho mphamvu yake inachepetsedwa mpaka kupitirira 24 pa dola imodzi, ndipo m'chaka cha 2025 mtengo wa boma unkakhala cha m'ma 26.

Wogulitsa malonda wa pa Machipisa waona zonsezi ndi maso ake. Akamaumirira kuti alipidwe dola yapepala, sachita mwano kwa mlendo, koma akukumbukira kuti manambala a pafoni anasandukapo chinthu china usiku umodzi.

Njira zolipirira zimene zilipo

Chikwama chachikulu kuposa zonse ndi EcoCash, chimene kampani ya Econet Wireless inakhazikitsa mu Seputembala 2011. Chimagwira ntchito ngakhale pafoni wamba yopanda intaneti, poyimba *151#, ndipo chilinso ndi pulogalamu ya mafoni amakono. Munthu mmodzi amatha kukhala ndi mbali ziwiri m'chikwamachi, ina ya madola a America, ina ya ZiG, ndipo polipira amasankha mbali imene ndalama zichokere.

Kampani ya boma ya NetOne ili ndi OneMoney. Telecel inayambitsa Telecash mu 2014, koma makasitomala a kampaniyi achepa kwambiri m'zaka zapitazi. InnBucks inayambitsidwa mu 2021 ndi Simbisa Brands, eni ake a malo odyera a Chicken Inn ndi Pizza Inn, ndipo mwa zina inkathandiza kuthetsa vuto la chenje. Munthu amaika ndi kutapa madola pa kauntala ya malo odyerawa. Banki yaikulu inaimitsa ntchito za InnBucks mu Epulo 2022 pa nkhani ya chilolezo, koma zinayambanso patapita miyezi ingapo. Mu 2023 kampani ya Old Mutual nayo inayambitsa chikwama chotchedwa O'mari.

Mabanki ndi zikwamazi zimalumikizana kudzera ku bungwe la Zimswitch, limene limayendetsa makhadi a mabanki a m'dzikolo komanso njira yotumizira ndalama mwachangu yotchedwa ZIPIT. Mlendo adzamvanso mawu akuti nostro, amene ku Zimbabwe amatanthauza madola a America amene ali mu akaunti ya kubanki, mosiyana ndi madola ogwirika m'manja.

Kupeza laini ndi kulembetsa

Mlendo amene akhale milungu ingapo, kapena amene amabwera kawirikawiri, amapindula akakhala ndi laini ya ku Zimbabwe. Malamulo amene amayang'aniridwa ndi bungwe la POTRAZ amafuna kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Mlendo amaonetsa pasipoti ndi kupereka adiresi ya kumene akukhala. Kutsegula chikwama cha ndalama ndi ntchito ina yapadera, imene imafunanso pasipoti yomweyo, ndipo ndi bwino kuichita pa shopu ya kampani ya mafoni, pamene angathenso kufunsa malire a ndalama zimene amaloledwa kusunga ndi kutumiza.

Simu khadi zogulidwa pamsewu, zolembetsedwa kale m'dzina la munthu wina, zimaoneka zosavuta koma zili ndi ngozi. Foni ikabedwa, kapena nambala yachinsinsi ikatsekedwa chifukwa choilakwitsa kangapo, kampani imathandiza munthu yekhayo amene dzina lake lili m'kaundula. Ambiri amene akhala masiku ochepa amangopereka madola kwa mbale amene akukhala naye kuti aziwalipirira kudzera m'chikwama chake. Njirayi imagwira ntchito, malinga ngati awiriwo akulemba ndalama iliyonse imene yalowa ndi kutuluka, chifukwa mwalamulo ndalamazo zimakhala za mwini laini. Foni nayo iyenera kukhala yosatsekeredwa ku kampani imodzi, ndipo foni yolowa simu ziwiri imathandiza kuti laini ya kwawo isazime.

Kulipira musitolo ndi pamsika

M'masitolo akuluakulu, m'mafamase ndi m'malo omwetsera mafuta, wogula amatchula nambala yake ya foni, uthenga umabwera womupempha kuti atsimikize, ndipo iye amalemba nambala yachinsinsi. Pena amayimba yekha n'kulemba nambala ya sitoloyo, imene imakhala yomatidwa pa kauntala. Kwa ogulitsa ang'onoang'ono, ndalama zimangotumizidwa ku nambala ya mwini geni. Asanatsimikize, wogula ayenera kuwerenga dzina limene laoneka pafoni ndi kuona ngati wasankha mbali yolondola, ya madola kapena ya ZiG. Ndalama zopita ku nambala yolakwika zimavuta kubweza.

Kulipira pafoni kuli ndi mtengo wake. Kuwonjezera pa ndalama zimene kampani imadula, pali msonkho wa boma pa ndalama zotumizidwa kudzera pa makina, umene nduna ya zachuma Mthuli Ncube inauika pa 2 peresenti mu Okutobala 2018. Mlingo wa msonkhowu wasinthidwa kangapo kuchokera nthawi imeneyo. Wogulitsa amene walandira ndalama pafoni amadulidwanso akamakazitapa. Kaamba ka ichi, si zachilendo kumva mitengo iwiri ya chinthu chimodzi, wina wa ndalama zapepala, wina wokwererapo wa pafoni. Mlendo ayenera kufunsa mtengo ndi njira yolipirira asanatenge katundu.

Makhadi a banki ndi mapulogalamu a kunja

Makhadi a Visa ndi Mastercard amalandiridwa m'mahotela, m'masitolo akuluakulu ndi pa makina ena otapira ndalama, makamaka pakati pa mzinda ndi m'madera a anthu opeza bwino. M'madera monga Highfield, Glen Norah ndi Glen View, makina ambiri olipirira ndi a makhadi a m'dziko momwemo, choncho kuona makina pa kauntala si umboni wakuti khadi lakunja ligwira.

Mwini khadi lochokera ku banki ya ku Malawi ayeneranso kukumbukira kuti Malawi yakhala ikusowa ndalama zakunja kwa zaka zingapo. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mabanki amaika malire pa ndalama zimene khadi lingagwiritse ntchito kunja. Wapaulendo ayenera kupita ku banki yake asananyamuke, kukadziwitsa za ulendowo ndi kufunsa malire amene alipo.

Mapulogalamu monga Apple Pay ndi Google Pay sasunga ndalama paokha. Amangonyamula khadi la banki m'foni. Amagwira ntchito ngati banki ya mwini khadi inalowa nawo m'dongosololi, komanso ngati makina a sitolo amalola kulipira pongogunditsa foni. Mmalawi wokhala ku London kapena ku Johannesburg angathe kulipira motero pa hotela ya mu Harare, koma osati pa minibasi ya ku Machipisa.

Vuto la chenje

Ngakhale dola ya America ndiyo imalamulira malonda a tsiku ndi tsiku, makobidi ake achitsulo sapezeka ku Zimbabwe. Chinthu cha masenti 50 chimabweretsa mkangano wa chenje. Ogulitsa amabweza chenje mu ZiG, pena amapereka maswiti kapena kanthu kena kakang'ono, ndipo ambiri amangosonkhanitsa katundu kuti akwane dola imodzi. Pa minibasi, zimene kumeneko amazitcha makombi, anthu awiri osadziwana amatha kuuzidwa kuti agawane okha dola imodzi akatsika. Apa ndi pamene chikwama cha pafoni chimathandiza kwambiri, chifukwa chimalipira ndalama yeniyeni imene ikufunika.

Mlendo wanzeru amanyamula madola ang'onoang'ono, a 1, 5 ndi 10. Pepala la madola 100 limavuta kuphwanya pamsika, ndipo limaitana maso a anthu. Mapepala ong'ambika kapena olembedwalembedwa amakanidwa m'malo ambiri. Makwacha a Malawi sagwira ntchito mu Harare, choncho kusintha ndalama kuyenera kuchitika ulendo usanayambe, ku banki kapena kumalo ovomerezeka, ndipo malisiti ake asungidwe.

Zoyenera kusamala nazo

Pamalo a malonda ambiri mu Harare pamakhala anthu osintha ndalama mumsewu, amene amalonjeza mtengo wabwino ndipo amatumiza ZiG kudzera pafoni posinthana ndi madola. Malondawa ndi oletsedwa. ZiG itangokhazikitsidwa mu 2024, apolisi anamanga anthu ambiri ochita malondawa, ndipo nthambi ya banki yaikulu yofufuza za kayendedwe ka ndalama yakhala ikutseka maakaunti ndi zikwama zokayikitsa. Mlendo amene chikwama chake chatsekedwa ali pa ulendo amakhala pa mavuto aakulu kuposa mwini dziko.

Malamulo nawo amatha kusintha mwadzidzidzi. Pa 30 Seputembala 2019 banki yaikulu inaletsa kuika ndi kutapa ndalama kwa maajenti, ponena kuti ena mwa iwo ankagulitsa ndalama zapepala pa mtengo wokwera, ndipo chiletsocho chinachotsedwa patangopita masiku ochepa. Mu Juni 2020 boma linalengeza kuti laimitsa ntchito zotumiza ndalama pafoni, kenako banki yaikulu inalongosola kuti anthu wamba apitirize kulipira koma malaini a maajenti atsekedwe. Mu Januwale 2019, pa nthawi ya zionetsero zotsutsa kukwera mtengo kwa mafuta, intaneti inatsekedwa kwa masiku angapo. Palinso kuzima kwa magetsi, kumene kumakula madzi akachepa m'damu la Kariba monga zinachitikira mu 2019 ndi 2024. Magetsi akazima nthawi yaitali netiweki imafooka, makina a m'masitolo amasiya kugwira, ndipo foni imatha moto.

Akuba a pafoni amagwiritsa ntchito njira zimene Amalawi akuzidziwa kale. Wina amatumiza uthenga wabodza wonena kuti ndalama zalowa molakwika ndipo zibwezedwe. Wina amayimba n'kunamizira kuti ndi wogwira ntchito ku kampani, n'kupempha nambala yachinsinsi. Kampani yeniyeni sifunsa nambala imeneyi. Wochita malonda amene walandira uthenga wakuti walipidwa ayenera kuona kaye ndalama zimene zili m'chikwama chake asanapereke katundu.

Panjira ndi pobwerera

Wokwera basi kuchoka ku Blantyre kapena ku Lilongwe amadutsa maiko atatu a ndalama zosiyana tsiku limodzi. M'chigawo cha Tete mumagwira metikali, choncho chakudya ndi zofunika zina za panjira zimafuna ndalama zapepala zochepa. Wochokera ku Lusaka amalowera pa Chirundu. Pa chipata cha malire a Zimbabwe, mlendo amene wanyamula ndalama zambiri ayenera kuzilembetsa pa fomu ya bungwe lotolera misonkho la ZIMRA, chifukwa pali malire a ndalama zimene munthu amaloledwa kutuluka nazo, ndipo fomuyo ndiyo umboni wakuti anabwera nazo.

Ndalama zikamuthera mlendo, njira yodalirika ndi makampani otumiza ndalama pakati pa maiko, monga Mukuru, Western Union ndi WorldRemit. Mbale wa ku South Africa kapena ku Ulaya angathe kutumiza ndalama zoti zikatengedwe ngati madola apepala poonetsa pasipoti. Kutumiza kuchokera ku Malawi kumatsata malamulo a Reserve Bank of Malawi okhudza ndalama zakunja.

Asanabwerere, mlendo ayenera kutapa madola onse amene atsala m'chikwama cha ku Zimbabwe ndi kumaliza ZiG imene ali nayo, popeza kunja kwa dzikolo n'kovuta kupeza woisintha. Laini imene yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito imatsekedwa, ndipo nambala yake ingaperekedwe kwa munthu wina.

M'mene zilili kwina

Vutoli si la Zimbabwe yokha. Ku Kenya, kumene M-Pesa inayambira mu 2007, mlendo amafunikanso laini ya Safaricom kuti alipire ngati eni dziko. Ku China, kumene amalonda ambiri a m'chigawo chino amakapikula katundu, malipiro ambiri amadzera pa Alipay ndi WeChat Pay, ndipo mu 2023 makampaniwa anafewetsa njira yoti alendo azilumikiza makhadi awo a Visa ndi Mastercard ku mapulogalamuwa.

Maiko a mu Africa nawo ayamba kufunafuna njira zolumikizira malipiro. Mu Januwale 2022 ku Accra kunakhazikitsidwa dongosolo la PAPSS, lofuna kuti maiko azilipirana m'ndalama zawo. Mu Okutobala 2025 bungwe la COMESA, limene Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi mamembala ake, linalengeza kuti layamba kuyesa njira ya malipiro ang'onoang'ono pakati pa Malawi ndi Zambia, yoti amalonda azilipirana popanda kudzera ku dola ya America.

Kufikira njira zoterezi zitafika kwa wogulitsa wa pamsika, wapaulendo wopita ku Machipisa ayenera kugawa ndalama zake m'malo angapo. Gawo lalikulu likhale madola apepala ang'onoang'ono, osungidwa mosamala. Gawo lochepa likhale m'chikwama cha pafoni cha ku Zimbabwe cholembetsedwa m'dzina lake, cholipirira zinthu zazing'ono ndi kugula mayunitsi. Khadi la banki likhale lodikira tsiku la mavuto, ndipo ndalama ya basi yobwerera kwawo ikhale payokha, yosakhudzidwa.